Kuchoka pa chiwondo ndi machila kufika pa kaunjika: mbiri ya nsalu zathu

Mwambi wathu wa lero ndi uwu: "Nsalu ya lekaleka siinenepetsa." Munthu amene wavala nsalu yobwereka sapeza mtendere, pakuti mwini wake amangomulondalonda ndi mawu: leka kukhala pa fumbi, leka kuyandikira moto, leka kuthamanga ungang'ambe nsalu yanga. Ngakhale nsaluyo ikongole chotani, woivalayo amaonda ndi nkhawa. Akuluakulu ankanena mawuwa polangiza achinyamata kuti chinthu chothandiza munthu ndi chimene wadzipezera ndi manja ake.

Tsono ngati makolo athu ankadziwa kuipa kwa nsalu yobwereka, iwo eni ankavala chiyani? Pa zaka zimene ndinali mphunzitsi ndinakumana ndi ana ambiri amene ankakhulupirira kuti nsalu inafika m'dziko muno ndi azungu, ndipo kuti iwo asanabwere anthu ankangoyenda ndi masamba m'chiuno. Maganizo amenewa ndi olakwika. Makolo athu ankalima thonje, ankapota ulusi, ankaomba nsalu ndi kuinyika mu utoto wochokera m'tchire, ndipo nsalu yawoyo inkagulidwa ndi anthu a mayiko akutali. Lero tione m'mene luso limeneli linalili ndi m'mene linatipulumukira m'manja.

Chiwondo, nsalu ya mtengo

Kuwonjezera pa zikopa za nyama, chovala chakale kwambiri m'dera lino chinali chiwondo, chimene ena amachitcha nyanda. Amang'anja, Ayao ndi Alomwe onse ankachidziwa. Chiwondo sichiombedwa ayi, chimachokera ku khungwa la mtengo. Mitengo yodalirika pa ntchitoyi inali mombo, umene umatipatsanso luzi lomangira nyumba, ndi kachere. Mmisiri ankasankha mtengo woongoka, wopanda mfundo zambiri. Ankalemba khungwa ndi mpeni mozungulira, kumwamba ndi kumunsi, kenaka n'kuling'amba kuchoka pa mzere wina kufika pa unzake ndi kulisenda mosamala kuti lituluke lathunthu. Akatero ankapala makwakwa a kunja kuti patsale khungwa la m'kati lokhalokha, lofewa lija, ndipo ankaliviika m'madzi.

Ntchito yeniyeni inkayamba pamenepo. Khungwalo ankaliyala pa chipika chosalala ndi kulimenya ndi chibonga cha mtengo wolimba chokhala ndi timizere kumutu kwake. Kumenyako kunkafuna dzanja lodziwa: ukamenya mwaukali uboola, ukamenya mwaulesi khungwa silitambasuka. Pang'ono ndi pang'ono khungwa lija linkafutukuka, kupyapyala ndi kufewa mpaka kusanduka chinthu choti munthu n'kuvala. Akalifinya ndi kuliyanika, chiwondo chapsa. Anthu ankachivala m'chiuno, ankafunda usiku, amayi ankaberekera ana, ndipo pa maliro ankakulungira mtembo. Vuto lake linali lakuti sichinkakhalitsa, makamaka chikanyowa kawirikawiri ndi mvula, koma sitolo yake inali nkhalango, yotsegula kwa aliyense wodziwa ntchitoyo.

Machila, nsalu yoomba ya Amang'anja

Alomwe asanachuluke m'chigwa cha Phalombe, eni nthaka kuchokera ku nyanja ya Chilwa mpaka kumunsi kwa mtsinje wa Shire anali Amang'anja ndi Anyanja, zidzukulu za Amaravi. Anthu amenewa anali alimi a thonje ndiponso amisiri oomba nsalu yotchedwa machila. Inali nsalu yochindikala, yoyera moderako, yolimba zedi.

Umboni wa zimenezi ulipo wolembedwa. Apwitikizi atakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'mbali mwa Zambezi m'zaka za m'ma 1500, anapeza kuti machila ndi katundu wamalonda wofunika. Wansembe wina wa Chijezuiti, Manuel Barreto, analemba mu 1667 za malonda a m'dziko la Amaravi, ndipo pakati pa minyanga ya njovu ndi zitsulo anatchulaponso machila, amene ankafunidwa kwambiri kumwera kwa Zambezi, m'dziko la golide limene lero ndi Zimbabwe. Taganizani, adzukulu anga: zaka zoposa 350 zapitazo nsalu yoombedwa ndi makolo athu inkawoloka mitsinje kukagula chuma cha mitundu ina.

Patapita zaka pafupifupi 200, David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, ndipo mu April chaka chomwecho iye ndi John Kirk anafika pa nyanja ya Chilwa, pafupi ndi kwathu kuno. M'buku la ulendowo, limene linasindikizidwa mu 1865, muli nkhani ya minda ya thonje ndi ya anthu opota ulusi ndi kuomba nsalu m'midzi yambiri imene iwo anadutsamo. Anapeza mitundu ya thonje imene eni ake ankaisiyanitsa ndi mayina: thonje manga, kutanthauza lochokera kunja, ndi thonje kaja, la m'dziko momwemo, limene ubweya wake unali waufupi koma linkatulutsa nsalu yolimba.

Kaombedwe kake kanali kotere. Thonje likathyoledwa ankalichotsa njere ndi manja ndi kulimasula kuti likhale lawofuwofu. Kenaka ankalipota ndi kamtengo kakang'ono kokhala ndi cholemetsa, kamene kankazungulira ngati nguli. Kachipangizo kozungulira kameneka ankakatcha njinga, ndipo dzinalo ndi limene tinadzapatsa njinga yokwera itafika ndi mawilo ake ozungulira. Ulusi ukakwanira, mmisiri ankakhoma zikhomo pansi, pabwalo kapena pamthunzi wa mtengo, n'kuyala ulusi wa m'litali pakati pa mitengo iwiri yopingasa. Ndi ndodo ankatukula ulusi wina kusiya unzake, n'kupititsa ulusi wopingasa pakati pake, kenaka n'kuukankhira ku unzake ndi thabwa losalala kuti nsalu ithinane. Kuomba inali ntchito ya amuna makamaka, ndipo inkachitika m'chilimwe, ntchito ya kumunda itachepa. Inali ntchito yodya masiku ambiri, n'chifukwa chake nsalu inali chuma. Ankaiyeza ndi mkono ndi mkwamba, ndipo inkagwira ntchito ya ndalama: kugulira makasu ndi mchere, kulipira milandu, ndi kupereka mtulo kwa mafumu.

Utoto wa m'tchire ndi m'dambo

Nsalu zambiri zinkavalidwa ndi maonekedwe ake achibadwa, koma makolo ankadziwanso kuzisintha mtundu. Njira yodziwika kwambiri inali ya matope akuda a m'dambo. Chiwondo chikakwiriridwa m'matope oterewa chinkatuluka chakuda bii. Amene munaphunzira sayansi mudzamvetsa chifukwa chake: m'khungwa la mtengo muli madzi owawa aja amene amafufutanso zikopa, ndipo akakumana ndi chitsulo chosungunuka chimene chimapezeka m'matope a m'dambo, pamabadwa mtundu wakuda wosasuluka msanga. Makolo sankatchula mayina a sayansi, koma ankadziwa dambo loyenera ndi losayenera. Mtundu wofiira unkachokera ku mitengo monga mlombwa, umene ukautema umatulutsa utomoni wonga magazi. Ngakhale chitsamba chimene Amwenye amapangira utoto wobiriwira ngati thambo, chotchedwa indigo, chimamera chokha m'tchire m'zigwa za Zambezi ndi Shire.

Mtundu wa nsalu unali ndi tanthauzo. Ku kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, nsalu yakuda ndi imene imalemekezedwa, pakuti kuda kumakumbutsa mitambo ya mvula. Choncho kunyika nsalu sikunali kukongoletsa chabe, kunkakhudzanso chipembedzo.

Chinapha lusoli n'chiyani?

Zinthu zitatu zinagwirizana. Choyamba chinali nkhondo za ukapolo. M'zaka za m'ma 1860 midzi ya Amang'anja m'mapiri a Shire inabalalika ndi ogwira akapolo, ndipo njala yaikulu ya 1862 ndi 1863 inapulula anthu ambiri m'chigwa cha Shire. Woomba nsalu amafunika mudzi wokhazikika, munda wa thonje ndi nthawi yokhala pansi. Munthu wothawa sangakhome zikhomo. Ife a ku Phalombe mbiriyi ili pakhomo pathu penipeni, chifukwa mpata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi la Mchese unali njira ya magulu a akapolo opita kugombe la Quelimane. N'chifukwa chake atsamunda anamangapo linga la Fort Lister mu 1893, limene mabwinja ake alipo mpaka lero. Chomvetsa chisoni n'chakuti mtengo wogulira munthu nthawi zambiri unali nsalu, pamodzi ndi mikanda, mfuti ndi onga.

Chachiwiri chinali nsalu zakunja. Amalonda a kugombe ankabweretsa merikani, nsalu yoyera imene dzina lake likuchokera ku America, kumene inkaombedwa ndi makina n'kutumizidwa ku Zanzibar, ndiponso kaniki, nsalu yakuda mobiriwira yochokera ku India. Pambuyo pake mafakitale a ku Manchester ndi ku Bombay anadzaza msika. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa kuti Mandala, itayamba ntchito mu 1878, komanso minda ya azungu itatsegulidwa, antchito oyambirira ankalandira malipiro awo mu nsalu. Kenaka sitolo za Amwenye zinafalikira kuchokera ku Blantyre ndi Limbe mpaka m'maboma. Nsalu ya makina inali yopepuka, yosalala ndi yotsika mtengo. Machila anali olimba kuiposa, koma munthu amene akanatha kupeza mkwamba wa nsalu pogwira ntchito masiku ochepa sakanathanso kudikira mmisiri wa m'mudzi.

Chachitatu chinali ulimi wa thonje wa atsamunda. Boma la Britain litakhazikitsa ulamuliro wake mu 1891, linayambitsa msonkho wa nyumba, ndipo anthu anayenera kupeza ndalama. Bungwe la British Cotton Growing Association, lokhazikitsidwa ku Manchester mu 1902, linkalimbikitsa kulima thonje m'mayiko olamulidwa ndi Britain kuti mafakitale a kwawo asasowe chopota. Nthawi yomweyi ndi imene makolo athu Achilomwe ankalowa m'dziko muno mwaunyinji kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi. Ambiri anakhala m'minda ya azungu, monga ya A. L. Bruce ku Magomero ndi ku Likulezi, kumene ankagwira thangata. Ku Magomero mbewu yaikulu m'zaka zimenezo inali thonje, ndipo kuwawa kwa thangata la kumeneko kunali chimodzi mwa zifukwa za kuukira kwa John Chilembwe mu January 1915.

Onani tsono m'mene zinthu zinatembenukira. Kale munthu ankalima thonje, kulipota ndi kuvala. Tsopano ankalima thonje, kuligulitsa motsika, thonjelo n'kuwoloka nyanja, n'kubwerera ngati nsalu yoti iye agule. Ngakhale dzina lakuti machila linasintha ntchito: m'makutu a ambiri linayamba kutanthauza chonyamulira chimene anthu akuda ankasenzerapo bwana wachizungu pa ulendo. Nsalu imene inali chuma cha makolo inasanduka dzina la mtolo wa pa phewa pawo.

Ufulu, fakitale ndi kaunjika

Dziko litalandira ufulu mu 1964, panali kuyesa kubweza ntchito ya nsalu kunyumba. Fakitale ya David Whitehead and Sons inatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, ndipo thonje la alimi athu linayamba kupotedwa, kuombedwa ndi kudindidwa maluwa m'dziko momwe muno. Amayi a msinkhu wanga amakumbukira biriwita ndi chilundu, ndiponso zitenje za fakitale imeneyi zimene zinkalimba zaka. Ana asukulu ambiri tinkawaona atavala yunifolomu ya nsalu yopangidwa m'Malawi. Koma m'zaka za m'ma 1990, malonda atamasulidwa, zovala zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Ulaya ndi ku America zinasefukira m'misika. Tinazipatsa dzina loyenera, kaunjika, chifukwa zimagulitsidwa zitaunjikidwa pansi. Mu 2003 boma linagulitsa fakitale ija kwa kampani ya Mapeto. Lero mukapita pa msika wa Migowi kapena wa Chiringa mudzapeza milu ya kaunjika ndi zitenje zambiri zochokera kunja. Sindikunyoza kaunjika, pakuti waveka amasiye ndi osauka ambiri. Komabe tivomereze kuti chovala chimene wina anayamba wavala n'kuchitaya ndi mdzukulu wake wa nsalu ya lekaleka.

Tsiku limene chiwondo chinabwerera

Wina angafunse kuti luso lakale lili ndi phindu lanji masiku ano. Yankho tinaliona ndi maso m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya pachiweniweni itakula ku Mozambique. Malawi analandira othawa kwawo oposa miliyoni imodzi nkhondoyo isanathe mu 1992, ndipo madera athu a m'malire analandira nawo. Ena mwa abale athuwa, amene anakhala nthawi yaitali m'tchire kopanda sitolo, anafika atavala masaka, ena atavala makungwa a mitengo omenyedwa monga ankachitira makolo. Ana anga a m'kalasi ankadabwa, koma okalamba a m'midzi anachizindikira chovalacho nthawi yomweyo. Chimene chinabisa maliseche a anthu aja pa nthawi ya usiwa woopsa chinali nzeru imene agogo awo anali asanaiiwale. Tsoka lake n'lakuti kuyambira kale chiwondo tinachiyesa chizindikiro cha umphawi, motero palibe amene ankafuna kuti mwana wake aphunzire kuchipanga.

Zimene anzathu anachita

Kutha kwa luso la manja si lamulo la chilengedwe ayi. Amwenye amene anatigulitsa kaniki nawonso anapwetekedwa ndi makina a ku Manchester, koma iwo sanalole kuti amisiri awo atheretu. Akazi a ku India amavala sari, nsalu imodzi yaitali mamita asanu kapena kuposerapo, imene amaikulunga m'thupi popanda kusoka, monga amayi athu amachitira ndi chitenje. Sari zapamwamba zimaombedwa pamanja ndi ulusi wa silika, umene umachokera ku mbozi zodya masamba a mabulosi. Mizinda ya Varanasi kumpoto ndi Kanchipuram kumwera imatchuka ndi ntchitoyi, ndipo mabanja amapatsirana lusoli kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana. Utoto wa m'fakitale utatulukira ku Ulaya mu 1856, ndipo indigo wopangidwa ndi mankhwala atayamba kugulitsidwa ku Germany mu 1897, utoto wa zomera unatsala pang'ono kuzimirira. Komabe lero alipo amisiri amene anabwerera ku indigo wa m'munda, ku mizu yofiira ndi ku makoko a zipatso, chifukwa alipo ogula amene amafuna zimenezo.

Izi sizinachitike mwangozi. Mahatma Gandhi anasandutsa kupota ulusi pamanja kukhala chida cholimbanira ndi utsamunda, ndipo ankalimbikitsa anthu kuvala nsalu yoomba okha yotchedwa khadi. Mu 1985 boma la India linakhazikitsa lamulo losungira oomba pamanja mitundu ina ya nsalu kuti makina asawalande, ndipo kuyambira 2015 dzikolo limakumbukira amisiriwa pa 7 August chaka chilichonse. Moyo wa oomba nsalu a kumeneko si wofewa, ambiri ndi osauka, koma luso lawo lili moyo chifukwa mkwatibwi wa ku India amanyadira kuvala nsalu ya kwawo pa tsiku la ukwati.

Chitsanzo china chili pafupi. Abaganda a ku Uganda amapanga chiwondo kuchokera ku mtengo umene iwo amautcha mutuba, womwe ndi kachere wathu yemweyu. Akasenda khungwa amakulunga thunthu ndi masamba a nthochi kuti khungwa lina limere, motero mtengo umodzi umawapatsa nsalu zaka zambiri. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza luso limeneli kukhala chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, chaka chomwecho chimene linalemekeza Gule Wamkulu ndi Vimbuza. Chimene ife tinachita nacho manyazi, anzathu amavala pa miyambo ya ufumu wawo.

Ntchito yanu, adzukulu anga

Sindikunena kuti mutaye malaya anu ndi kuvala makungwa. Madzi akatayika saoleka, ndipo zowombera machila zinazimirira m'midzi yathu kalekale. Koma zilipo zinthu zimene mungathe kuchita. Choyamba, funsani. M'midzi ya kwa Nazombe, kwa Nkhulambe, kwa Mkhumba ndi kwina alipo okalamba amene anaona chiwondo chikupangidwa, ena anachipangapo ndi manja awo. Khalani nawo pansi, afunseni dzina la mtengo, la chida ndi la dambo, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe, ndipo mulembe kapena kujambula ndi mafoni anuwo. Safunsa anadya phula. Amene muli ndi mwayi wofika ku nyumba zosungira mabuku, funafunani mtanthauziramawu wa Chimang'anja umene David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anasindikiza mu 1892, muone mawu akale amene tinawataya.

Chachiwiri, samalani mitengo. Mombo ukutha m'mapiri athu chifukwa cha makala, ndipo luso la chiwondo silingadzuke popanda nkhalango. Kachere savuta, nthambi yake mukaizika pansi m'nyengo ya mvula imaphuka. Chachitatu, pa misonkhano ya chikhalidwe, monga wa Mulhako wa Alhomwe umene umachitikira kwa Chonde ku Mulanje, tisamangoonerera magule ndi kulawa zakudya, tipemphenso kuti okalamba aonetse ntchito za manja pamaso pa ana. Aphunzitsi anzanga amene mukadali pa ntchito, itanani agogo oterewa m'kalasi pa phunziro la zaluso.

Chotsiriza ndi chachikulu pa zonse. Machila anafa pamene anthu analeka kugula kwa mmisiri wa m'mudzi. Lero woluka mphasa, wosoka malichero ndi madengu, ndi woumba mbiya ali pa mzere womwewo, pakuti pulasitiki ikuwachita zimene merikani anachita kwa woomba nsalu. Mukawapeza pa msika, gulani katundu wawo pa mtengo woyenera, osawanenerera mpaka kuwakhumudwitsa. Mmisiri amene ntchito yake ikumudyetsa amaphunzitsa mwana wake, koma amene ikumugonetsa ndi njala amauza mwanayo kuti akafune zina ku tauni. Mawu a akulu akoma akagonera. Khalani bwino nonse, tidzakumananso pa mwambi wina.